Benjamin Thompson, Count Rumford

Benjamin Thompson (26 Marichi 1753 – 21 Ogasiti 1814), amene amadziwika kwambiri ndi dzina laulemu loti Count Rumford, anali wasayansi, msilikali komanso mlangizi wa boma. Iye anabadwira ku America, koma zaka zambiri za moyo wake anakhala ku England, ku Bavaria ndi ku France. Amakumbukiridwa chifukwa chofufuza mmene kutentha kumayendera ndi mmene kumatayikira m'zovala, m'makhitchini ndi m'nyumba. Anali mmodzi mwa anthu oyambirira kusonyeza poyesa kuti chimene chimasunga kutentha mu ubweya ndi m'nthenga ndi mpweya umene watsekeredwa mkati mwake. Mfundo imeneyi ndi imene ikutsatiridwabe popanga zinthu zotchinjiriza kutentha m'zipupa ndi m'madenga.

Ubwana wake

Thompson anabadwira m'banja la alimi m'tauni ya Woburn, m'chigawo cha Massachusetts, pamene derali linali m'manja mwa Britain. Bambo ake anamwalira iye asanakwanitse zaka 2, ndipo mayi ake anakwatiwanso. Sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 13 anatumizidwa ku Salem kukaphunzira ntchito m'sitolo ya wamalonda wina dzina lake John Appleton. Ntchito ya m'sitolo sinamugwire mtima, ndipo nthawi yake yambiri inkathera pa masamu, kujambula ndi kupanga tizipangizo. Pa nthawi ina anapsa kwambiri pamene onga umene ankasakaniza unamuphulikira.

Mnzake wapamtima ku Woburn anali Loammi Baldwin, yemwe pambuyo pake anadzakhala injiniya wotchuka. Anyamata awiriwa ankayenda wapansi kupita ku Harvard kukamvera Pulofesa John Winthrop akuphunzitsa za chilengedwe. Kenako Thompson anayamba ntchito ya uphunzitsi, ndipo mu 1772 anasamukira ku Concord ku New Hampshire, tauni imene poyamba inkatchedwa Rumford. Kumeneko, ali ndi zaka 19, anakwatira Sarah Rolfe, mayi wamasiye wolemera amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa 10. Ukwatiwu unamufikitsa pafupi ndi bwanamkubwa John Wentworth, amene anamupatsa udindo wa meja m'gulu la asilikali a m'deralo ngakhale anali asanamenyepo nkhondo. Mwana wawo wamkazi, Sarah, anabadwa mu 1774.

Pa nkhondo ya ufulu wa America

Mkangano wa pakati pa Britain ndi anthu a m'madera ake a ku America utakula, Thompson anaima kumbali ya mfumu. Anthu a ku Concord atayamba kumukayikira, anathawa n'kusiya mkazi wake ndi khanda, ndipo mkaziyo sanadzamuonenso mpaka pamene anamwalira mu 1792. Iye ankapereka nkhani zachinsinsi kwa mkulu wa asilikali a Britain, Thomas Gage, ndipo kalata ina anailemba ndi inki yosaoneka. Mu Marichi 1776, asilikali a Britain atachoka ku Boston, nayenso anapita ku London.

Ku London anagwira ntchito pansi pa Lord George Germain, nduna yoyang'anira madera a ku America, ndipo anakwezedwa msanga. Pa nthawi yomweyo ankayesa mphamvu ya onga ndi liwiro la zipolopolo, ndipo mu 1779 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Chakumapeto kwa nkhondoyo anabwerera ku America monga mtsogoleri wa gulu la asilikali a pa akavalo lotchedwa King's American Dragoons. Mu 1782, ali ku Huntington pachilumba cha Long Island, analamula kuti tchalitchi cha m'tauniyo chigumulidwe n'kumanga linga pamanda, ndipo miyala ya pamanda ina anamangira mauvuni ophikira buledi. Zimenezi zinamuipitsira mbiri kwa anthu a kumeneko kwa mibadwo yambiri.

Ntchito yake ku Bavaria

Nkhondo itatha, Mfumu George III inamupatsa ulemu wa Sir mu 1784 ndi kumulola kukatumikira Karl Theodor, wolamulira wa Bavaria. Ku Munich anapeza asilikali olandira malipiro ochepa, ovala zosafunda ndiponso odya mosakwanira, pamene ndalama za boma zinali zoperewera. Vuto limeneli ndi limene linamukankhira ku kafukufuku wa kutentha. Anafuna kudziwa nsalu yofunda kwambiri pa mtengo wotsika, komanso njira yophikira chakudya cha anthu ambiri ndi nkhuni zochepa.

Pa 1 Januwale 1790 anagwiritsa ntchito asilikali kusonkhanitsa anthu opemphapempha a mumzinda wa Munich, omwe anakwana pafupifupi 2,600, n'kuwalowetsa m'nyumba yogwiriramo ntchito kumene ankawomba nsalu ndi kusoka mayunifolomu a asilikali. Ankawapatsa malo ofunda, kamalipiro ndi msuzi wa balere, nsawawa ndi mbatatesi wothira viniga, wodyera limodzi ndi zidutswa za buledi. Msuziwu unafala m'mizinda ina ya ku Ulaya ndi dzina lake. Ena amaona ntchitoyi monga chiyambi cha chisamaliro cha boma kwa osauka, pamene ena amanena kuti anthuwo anagwidwa mokakamiza, ndipo msuziwo unalibe chakudya chokwanira munthu wogwira ntchito tsiku lonse.

Mu 1789 anayambitsa paki yaikulu ya Englischer Garten, yomwe ilipobe mpaka lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790 anapatsidwa ulemu wa Count mu Ufumu Wopatulika wa Roma, ndipo anasankha dzina loti Rumford pokumbukira tauni imene anakwatirako. Mu 1796, magulu ankhondo a France ndi Austria atayandikira Munich, ndiye anatsala akuyang'anira mzindawo, ndipo unapulumuka osawonongedwa.

Kafukufuku wa zinthu zosunga kutentha

Pofuna kuyerekezera nsalu, Thompson anapanga chida chosavuta. Ankaika themomita mkati mwa kabotolo kagalasi kozungulira, n'kudzaza mpata wotsalawo ndi chinthu chimene akufuna kuyesa, cholemera mofanana nthawi zonse. Kabotoloko ankakatenthetsa m'madzi owira, kenako n'kukamiza m'madzi a ayezi, uku akuwerenga nthawi imene themomitayo itenge kuti itsike. Chinthu chikachedwetsa kutsikako, ndiye kuti chimasunga bwino kutentha.

Anapeza kuti ubweya wa kalulu, nthenga zofewa za abakha a kumaiko ozizira ndi silika wosapota zinkasunga kutentha kuposa zina zonse. Ndi zinthu zimenezi, themomita inkatenga nthawi yoposa kawiri poyerekeza ndi pamene m'kabotolo munali mpweya wokhawokha. Ubweya wa nkhosa unkabwera pambuyo pake, kenako thonje ndi bafuta. Chimene chinamutsegula maso n'chakuti silika yemweyo akamupota kukhala ulusi wolimba, mphamvu yake yosunga kutentha inkachepa kwambiri, ngakhale kulemera kwake sikunasinthe. Apa anazindikira kuti chofunika si ulusi weniweniwo ayi, koma mpweya umene ulusiwo wagwira kuti usayende. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 1792 m'nkhani yotchedwa Experiments upon Heat, ndipo chaka chomwecho Royal Society inamupatsa mendulo ya Copley. Izi zisanachitike, mu 1786, anali atasonyeza kale kuti kutentha kumadutsa movutikirapo pamalo pamene mpweya wachotsedwa.

Iye anafotokozanso chifukwa chake mpweya womasuka sufunditsa. Tsiku lina anaika pawindo themomita yaikulu ya sipiliti kuti izizire, ndipo anaona tinthu ting'onoting'ono tomwe tinali m'sipilitimo tikukwera pakati pa chubu n'kumatsika m'mbali mwake. Anazindikira kuti madzi kapena mpweya zikatentha zimapepuka n'kukwera, zikazizira zimatsika, ndipo kuzungulira kumeneku n'kumene kumanyamula kutentha. Anaonanso kuti n'chifukwa chake chakudya chokhuthala, monga maapozi ophika, chimawotcha m'kamwa patapita nthawi yaitali chichokereni pamoto, pakuti madzi a mkati mwake satha kuzungulira. Komabe anapitirira malire ponena kuti madzi ndi mpweya sizidutsitsa kutentha mpang'ono pomwe zikakhala chilili. Zoona zake n'zakuti zimadutsitsa, kungoti pang'ono kwambiri.

Mu 1804 anafalitsa kafukufuku wa kutentha kumene kumachoka pa chinthu ngati cheza, kosadalira mpweya. Anapeza kuti chitsulo chonyezimira chimataya kutentha kwa mtundu umenewu pang'onopang'ono kuposa chitsulo chomwecho chikadetsedwa kapena kukutidwa ndi nsalu yopyapyala. John Leslie wa ku Scotland anafalitsa zofanana ndi zimenezi chaka chomwecho, ndipo panabuka mkangano wakuti anayamba ndani. Rumford ankakhulupiriranso molakwika kuti zinthu zozizira zimatulutsa cheza cha kuzizira, ndipo n'chifukwa chake atakalamba ankavala zoyera m'nyengo yozizira.

Zoyatsiramo moto ndi machumuni

M'zaka za m'ma 1700, nyumba za ku England zinkafunditsidwa ndi moto wa malasha kapena nkhuni wosonkhedwa m'phanga lakuya la m'chipupa, pansi pa chumuni chachikulu. Mbali yaikulu ya kutentha inkathawira m'chumuni. Choipa china n'chakuti chumunicho chinkakoka mpweya wofunda wa m'chipinda n'kuutaya kunja, ndipo m'malo mwake mphepo yozizira inkalowera m'ming'alu ya zitseko ndi mawindo. Utsi unkabwereranso m'nyumba, ndipo mwaye unkadetsa mpweya wa mumzinda wa London.

Mu 1796 Rumford analemba nkhani yofotokoza mmene angakonzere vutoli. Iye anati moto wa poyera umafunditsa chipinda makamaka ndi cheza chake, choncho malo osonkhapo moto ayenera kukhala osazama. Zipupa za m'mbali ziyenera kupendekera kunja, pa madigiri 135 kuchokera ku chipupa cha kumbuyo, kuti zizibwezera kutentha m'chipinda. Chipupa cha kumbuyocho chikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa khomo la kutsogolo. Pakhosi pa chumuni, pamwamba pa moto, pachepetsedwe kufika pa mainchesi 4, omwe ndi pafupifupi masentimita 10, ndipo m'mphepete mwake mukhale mosalala kuti utsi uzikwera mwachangu popanda kukoka mpweya wambiri wa m'chipinda. Analangizanso kuti mkatimo muzimangidwa ndi njerwa kapena miyala yopaka laimu, osati zitsulo.

Ubwino wa njirayi unali wakuti mmisiri aliyense akanatha kukonza chumuni chakale ndi njerwa zochepa chabe. Machumuni mazana angapo a ku London anakonzedwa motere iye mwini akuyang'anira, ndipo njirayi inafalikira ku Ulaya ndi ku America. Thomas Jefferson anaigwiritsa ntchito m'nyumba yake ya Monticello. Dzina la Rumford linafala kwambiri moti limatchulidwa m'buku la Jane Austen la Northanger Abbey komanso mu Walden la Henry David Thoreau.

Makhitchini ndi kufunditsa nyumba

Rumford ankaona kuti kuphika pamoto wa poyera n'kuwononga nkhuni, pakuti malawi ambiri amangodutsa m'mbali mwa mphika. M'makhitchini amene anamanga ku Munich, moto unkatsekeredwa mkati mwa chitofu cha njerwa. Mphika uliwonse unkalowa m'bowo lake, unali ndi kamoto kakekake pansi, ndipo utsi wotentha unkazunguliridwa m'mbali mwa mphikawo usanatuluke. Panali kachitseko kochepetsera kapena kuwonjezera mpweya wolowa pamoto. Zivundikiro za miphika zinali za zitsulo ziwiri zokhala ndi mpweya pakati, potsatira zimene anapeza pa nsalu zija. Khitchini ya mtundu umenewu inamangidwanso pa Foundling Hospital, nyumba yolereramo ana osiyidwa ku London, ndipo malasha ogwiritsidwa ntchito anachepa kwambiri.

Anapanganso uvuni wachitsulo wowotchera nyama ndi miphika yofulira khofi. Analimbikitsa mawindo a magalasi awiri okhala ndi mpata wa mpweya pakati, komanso kufunditsa zipinda zikuluzikulu ndi nthunzi yoyenda m'mapaipi. Zinthu zimene anatulukirazi sanazilembetse kuti azipezerapo ndalama, ndipo ankafuna kuti aliyense azikopera mwaulere.

Kodi kutentha n'chiyani?

Asayansi ambiri a nthawi imeneyo, potsatira Antoine Lavoisier, ankakhulupirira kuti kutentha ndi chinthu chosaoneka chonga madzi, chimene chimatuluka m'chinthu chotentha kulowa m'chozizira. Rumford anakayikira zimenezi poona mmene mizinga yankhondo inkatenthera poibowola m'fakitale ya zida ku Munich. Anakonza zoti chitsulo chobowolera chobuntha chizikhula mzinga umene akavalo ankauzunguza, mbali yokhulidwayo ili m'bokosi la madzi. Patapita maola awiri ndi theka, madziwo, omwe anali oposa makilogalamu 8, anawira popanda moto.

Iye anati kutenthako sikunkatha malinga ngati akavalo akupitiriza kuyenda, ndipo chinthu chimene chimatuluka mosalekeza chotere sichingakhale katundu wosungidwa m'chitsulo. Maganizo ake anali akuti kutentha ndi mtundu wina wa kuyenda kwa tinthu ta mkati mwa chinthucho. Nkhaniyi inawerengedwa ku Royal Society mu 1798, ndipo chaka chotsatira anasonyeza kuti madzi sasintha kulemera akaundana. Asayansi anzake ambiri sanasinthe maganizo pa nthawiyo. Nkhaniyi inadzamveka bwino m'zaka za m'ma 1840, pamene James Prescott Joule anayeza molondola mgwirizano wa pakati pa ntchito ndi kutentha.

Royal Institution ndi zaka zake zomaliza

Mu 1796 Rumford anapereka ndalama ku Royal Society ndi ku American Academy of Arts and Sciences kuti azipereka mphoto kwa ofufuza za kutentha ndi kuwala. Woyamba kulandira mendulo ya Rumford ya ku London anali iye mwini. Mu 1798 Karl Theodor anamutumiza ku London monga kazembe wa Bavaria, koma boma la Britain linamukana chifukwa anali nzika yake.

Mu 1799, mothandizana ndi Sir Joseph Banks, anayambitsa Royal Institution mumsewu wa Albemarle ku London. Cholinga chake chinali chakuti amisiri ndi anthu wamba aziona ndi maso zitofu, machumuni ndi makina atsopano, n'kuphunzira sayansi yothandiza pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu 1801 analemba ntchito Humphry Davy, yemwe panthawiyo anali mnyamata. Koma Rumford anali munthu wovuta kugwira naye ntchito, wosamva za ena, ndipo atasemphana ndi akuluakulu a bungwelo anachoka ku London mu 1802 osadzabwereranso.

Anakakhazikika ku Paris, kumene anakwatira Marie-Anne Paulze, mkazi wamasiye wa Lavoisier, wasayansi uja amene anaphedwa mu 1794 pa nthawi ya chipwirikiti cha ku France. Ukwatiwu sunayende bwino. Mkaziyo ankakonda kulandira alendo, pamene Rumford ankafuna bata ndi dongosolo, ndipo analekana patapita zaka zochepa. Iye anasamukira ku Auteuil, kufupi ndi Paris, kumene anapitiriza kufufuza za nyale, khofi ndi kutentha kumene nkhuni zosiyanasiyana zimatulutsa. Anamwalira komweko pa 21 Ogasiti 1814 ali ndi zaka 61, ndipo anaikidwa m'manda a ku Auteuil. Mbali yaikulu ya chuma chake anaisiyira yunivesite ya Harvard, imene inakhazikitsa udindo wa pulofesa wotchedwa ndi dzina lake. Mwana wake Sarah anatenga ulemu wa Countess Rumford ndipo anamwalira ku Concord mu 1852.

Kufunika kwa ntchito yake pa zomangamanga

Masiku ano akatswiri amati nyumba imataya kutentha m'njira zitatu, ndipo zonsezi Rumford anazifufuza. Njira yoyamba ndi kudutsa m'zinthu zolimba monga chipupa, denga, galasi ndi pansi. Yachiwiri ndi kunyamulidwa ndi mpweya woyenda, kaya wozungulira m'chipinda kapena wotulukira m'ming'alu ndi m'chumuni. Yachitatu ndi cheza chochoka pa chinthu chofunda kupita pa chozizira. Masamu a njira yoyamba anadzawalongosola Joseph Fourier wa ku France m'buku lake la mu 1822. Kutentha kotayika kumachuluka chipupa chikakhala chachikulu ndiponso kusiyana kwa mkati ndi kunja kukakula, ndipo kumachepa chipupacho chikakhala chochindikala kapena chopangidwa ndi chinthu chosadutsitsa kutentha msanga.

Miyeso ya masiku ano ikugwirizana ndi zimene iye anapeza pa nkhani ya mpweya. Njerwa yowotcha imadutsitsa kutentha kuwirikiza nthawi zoposa 20 poyerekeza ndi mpweya wosayenda, ndipo chitsulo chimadutsitsa kuwirikiza pafupifupi nthawi 2,000. N'chifukwa chake zinthu zotchinjiriza kutentha, monga ulusi wa galasi, ulusi wa miyala ndi thovu la pulasitiki, zimakhala zopepuka ndi zodzaza ndi timipata ta mpweya. Zikapanikizidwa kapena kunyowa, mphamvu yake imachepa, monga mmene zinachitikira ndi silika wopota uja. Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito m'maiko otentha, kumene vuto limakhala kutentha kolowa m'nyumba. Denga la udzu limasunga mpweya wambiri pakati pa mapesi ake, motero m'nyumba mumakhala mozizirira masana ndi mofunda usiku kuposa pansi pa malata opanda siling'i.

Mapepala onyezimira amene amayalidwa pansi pa denga amatsatira zimene Rumford ndi Leslie anapeza mu 1804. Fulasiki yosungira tiyi, imene James Dewar anapanga mu 1892 ali ku Royal Institution, imaphatikiza mfundo ziwiri zimene Rumford anayesa, pakuti ili ndi mpata wopanda mpweya komanso mkati monyezimira.

Chikumbutso

Ku Munich kuli chipilala chake mu Englischer Garten ndi chiboliboli chake mumsewu wa Maximilianstrasse, ndipo china chofanana nacho chili ku Woburn. Nyumba imene anabadwiramo inasungidwa monga malo a mbiri yakale. Mendulo ya Royal Society ndi mphoto ya American Academy zikuperekedwabe, ndipo chigwa china cha pa mwezi chinapatsidwa dzina loti Rumford. Olemba mbiri amagwirizana kuti anali munthu wanzeru zakuya amene ntchito zake zinachepetsa utsi, kuzizira ndi mtengo wa nkhuni m'nyumba zambiri. Amanenanso kuti anali wodzikonda ndi wokonda maudindo, amene anasiya banja lake, anachita ukazitape, ndipo anamwalira ali ndi abwenzi ochepa.